Kachipinda ka Uphungu ndi Mitima ya Achinyamata a ku Mulanje

Mukafunsa munthu wophunzira kuti chisamaliro cha matenda a maganizo chinayambira kuti m'Malawi muno, akulozerani ku Zomba. Sakunama. Koma akanena kuti nkhani ya achinyamata a ku Mulanje inayambiranso komweko, ine ndimapukusa mutu. Ku Zomba ankapita naye munthu amene zafika povula zovala pamsika. Mnyamata wongosowa tulo, kapena mtsikana wolira yekha kuseri kwa nkhokwe, Zomba sinkamudziwa n'komwe.

Makolo anali ndi njira zawo. Amang'anja, Ayao ndi Alomwe amene anadzaza m'tsinde mwa phiri, makamaka Alomwe atayamba kuwoloka Ruo ndi Muloza kuchokera ku Mozambique m'zaka za m'ma 1890, ankasiyanitsa misala, khunyu ndi kugwidwa mizimu. Wogwidwa mizimu ankamuimbira ng'oma mpaka mbandakucha, ena n'kumati ndi nantongwe, ena mutu waukulu. Wamisala ankapita naye kwa sing'anga, ndipo zikakanika chingwe chinkagwira ntchito. Wachinyamata anali ndi amalume ake, anankungwi, ndi phungu womuyang'anira kuchinamwali, ngakhale kuti phunziro lalikulu kumeneko linali kupirira: mwamuna salira. Azungu atabwera anabzala tiyi ku Lauderdale mu 1891, thangata n'kugwira anthu pakhosi, koma palibe amene ankawerenga chisoni cha mnyamata wolima munda wa bwana. Odwala misala ankawatsekera m'chigawo china cha ndende ya Zomba kuyambira cha m'ma 1910. Lamulo lokhudza odwalawa linadza mu 1948, ndipo chipatala chenicheni cha Zomba Mental chinatsegulidwa mu 1953. Zonsezi cholinga chake chachikulu chinali kuchotsa wosokoneza pakati pa anthu, osati kumva zimene akunena.

Chimene chinasintha zinthu, monga ndikuonera ine, ndi Edzi. Ndikudziwa kuti ena aona ngati mwano kunena kuti mliri umene unatha mabanja unabweretsanso kanthu kabwino, koma tamverani.

Munthu woyamba kupezeka ndi kachirombo m'dziko muno anapezeka mu 1985. M'nthawi ya Kamuzu nkhaniyi sinkakambidwa poyera, ndipo anthu ankangonong'onezana za kaliwondewonde kapena matenda a boma. Mulanje inali m'gulu la maboma amene anakanthidwa kwambiri. Zifukwa zake n'zosabisika: anthu othithikana pa malo ochepa otsala kumbali kwa minda ya tiyi, aganyu obwera nyengo yothyola n'kubwerera, msewu wa malonda wodutsa pa Limbuli kukalowa ku Milange. Amene tinakula m'zaka za m'ma 1990 timakumbukira makasu okumbira manda osapuma. Ana ankatsala ndi agogo, ena n'kumalerana okhaokha, ndipo pamaliro akulu ankangowauza kuti alimbe mtima. Palibe ankawafunsa kanthu.

Kenaka kunabwera kuyezetsa magazi, ndipo kuyezetsako kunabwera ndi lamulo lakuti munthu asanamve zotsatira, wina akhale naye pansi. Mabungwe ngati MACRO ndiwo anatsogola m'mizinda, koma zinafika kumidzi mwamphamvu cha mu 2004, chaka chimene Bakili Muluzi ananena poyera kuti mchimwene wake anamwalira ndi Edzi, chakanso chimene boma linayamba kupereka ma ARV aulere. Dzina la munthu wokhala nawe pansiyo sanalitenge kunja ayi. Analitenga kuchinamwali: phungu.

Kachipinda kake ndimakakumbukira bwino, pakuti ndinalowamo ndili mnyamata, mtima uli m'mwamba. Munali mipando iwiri, tebulo laling'ono, chitseko chotseka ndi nsalu yophimba zenera. Mayi amene anandilandira anandibaya chala, n'kudontheza magazi pa kachipangizo koyezera, kenaka anati tidikire mphindi 15. M'malo motuluka, anakokera mpando pafupi, n'kundifunsa kuti ndimagona bwanji masiku amenewo, kunyumba kuli ndani, ndipo zikapezeka kuti ndili nako ndikauza yani. Atafunsa anakhala chete. Kukhala chete kumeneko ndiye kunali kwachilendo. Kwathu wamkulu akafunsa mwana funso, yankho amakhala ali nalo kale. Mayi uja analibe. Ndinapezeka ndikumuuza za maliro a bambo anga, nkhani imene inalibe chochita ndi chala changa chobayidwacho.

Tangoganizani kachipinda kotere pafupifupi pa chipatala chilichonse, kuyambira cha boma pa Mulanje, cha mishoni cha CCAP, mpaka tizipatala ta kumalire. Aphungu ambiri sanali madokotala. Anali alangizi a zaumoyo a yunifolomu yobiriwira ngati thambo ija, anamwino, ndi anthu ongodzipereka amene anaphunzira ntchitoyi kwa masabata ochepa. Koma anaphunzira zinthu ziwiri zimene mudzi sunkazidziwa: kusunga chinsinsi cha mwana, ndi kusamudzudzula akamayankhula.

Mankhwala atayamba kugwira ntchito, ana obadwa ndi kachirombo anasiya kufa, n'kukula kukhala anyamata ndi atsikana. Apa mpamene nkhani ya maganizo inatulukira poyera. A chipatala cha Baylor ku Lilongwe anayambitsa ma Teen Club, misonkhano ya Loweruka ya achinyamata omwa ma ARV, ndipo njirayi inafalikira m'zipatala za m'maboma, Mulanje yomwe. Achipatala ankadabwa kuti mwana wodziwa bwinobwino ubwino wa mankhwala akuwasiyiranji. Atawamvetsera anapeza kuti vuto silinali umbuli. Wina ali kusukulu yogonera komweko, akukulunga botolo m'sokosi kuti mapilisi asachite phokoso anzake n'kumva. Wina wakwiyira mayi ake omwalira amene sanamuuze zoona. Wina wafunsiridwa ndipo sakudziwa kuti aulula bwanji. Mawu amene anawo ankabwereza anali amodzi: ndikuganiza kwambiri. Kuganiza kwambiriku ndi mlongo wake wa nkhawa ndi kukhumudwa, ndipo ku Zimbabwe amakutcha kufungisisa, kumene Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi a ku Harare kumvetsera anthu atakhala pa benchi. Mu 2007 Unduna wa Zaumoyo unakhazikitsa ndondomeko ya chithandizo chokomera achinyamata m'zipatala, ndipo bungwe la YONECO la ku Zomba, limene linayamba mu 1997, linadzatsegula nambala yaulere ya 116 yoti mwana aimbe zikamuvuta.

Ulemu upite kwa ndani? Chiwoza Bandawe ayenera kuthokozedwa chifukwa cholemba za maganizo m'nyuzipepala kwa zaka zambiri, pamene ophunzira anzake ankaziona ngati za azungu. A St John of God ku Mzuzu anaonetsa kuti wodwala misala angathe kuchira ali pakati pa abale ake. Anamwino a matenda a maganizo m'zipatala za m'maboma asenza katundu wolemera, pakuti madokotala akuluakulu a nthendazi kwa nthawi yaitali ankawerengeka ndi zala za dzanja limodzi. Koma kwa mwana wa kwa Mabuka kapena kwa Njema, ine chipewa ndimavulira phungu wa m'kachipinda kaja, ndi agogo amene ankayenda wapansi kuperekeza mdzukulu Loweruka, n'kumudikirira pansi pa mtengo osafunsa zimene wakanena m'katimo.

Choipa chake n'chakuti khomo la uphunguli linamangidwa pa nthenda imodzi. Wopezeka alibe kachirombo ankauzidwa kuti adzisunge, basi, n'kutuluka ndi mtolo wake wonse. Atsikana ena amakumana ndi namwino kusikelo. Mnyamata alibe chomupititsa kuchipatala pokhapokha atathyoka mwendo.

Mu Seputembala 2017 mphekesera ya anamapopa inabuka ku Mulanje kuno n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo mpaka Blantyre. Mabanja ankagona panja, anyamata n'kumatseka misewu ndi miyala ndi zibonga, anthu angapo osalakwa anaphedwa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi Phalombe. Madokotala ananena kuti palibe amene anapopedwa magazi, kuti chinalipo ndi mantha ogwira anthu ambiri nthawi imodzi. Opha anzawo anayenera kumangidwa, pamenepo sindikutsutsa. Koma anyamata ena onse amene anatha masabata osagona, akunjenjemera ndi chikwanje m'manja, nkhani yawo inathera kupolisi ndi pamisonkhano ya mafumu.

Namondwe Freddy wa mu Marichi 2023 ndiye anakakamiza boma ndi mabungwe kutchula za maganizo mosabisa. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri, midzi ya kufupi ndi Muloza inakokoloka, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. M'misasa ya m'masukulu munafika anthu odzacheza ndi ana, ndipo ambiri mwa iwo luso lawo analitenga ku uphungu wa Edzi womwe uja. Misasa itatsekedwa, ambiri anapita.

Otsalira ndi anyamata amene mumawaona pa siteji ya kabaza pa Chitakale. Njinga yamoto ndi ya bwana, ndalama ya tsiku iyenera kukwana, yotsala ikupita kokabetcha mpira kapena kokasungira ulendo wa ku Joni. Apolisi akamalengeza za odzipha, ochuluka amakhala amuna, ndipo kwa zaka zambirimbiri gawo 229 la malamulo a milandu linkatenga woyesa kudzipha ngati wolakwa, zimene zinaphunzitsa mabanja kubisa. Mwezi wa Januwale ndinakwera kabaza wa mnyamata wina kuchoka pa Chitakale kupita ku Likhubula. Mitambo itaphimba phiri, anaima m'mbali mwa tiyi, n'kuimbira foni amayi ake ku Muloza kuwafunsa ngati mtsinje ukulira. Atamaliza anapepesa, akuti mvula ikagwa usiku iye sagona, amangokhala pakhomo nsapato zili kuphazi. Ndinamufunsa ngati anauzapo munthu. Anaseka, n'kuliza njinga.