Khofi m'Mbiri ya Brazil

Khofi si mbewu ya makolo a ku Brazil. Kwawo kwenikweni ndi kumapiri a Ethiopia, ndipo anafika ku South America atadzera m'manja mwa Aluya, Adatchi ndi Afalansa. Mu 1727 msilikali wina, Francisco de Melo Palheta, anatumidwa ku Cayenne, m'dziko la French Guiana, kukakamba za malire, ndipo pobwerera ku Pará, kumpoto kwa Brazil, anatenga njere ndi mbande za khofi, ngakhale Afalansa ankaletsa kutulutsa mbewuyi. Anthu amasimba kuti mkazi wa bwanamkubwa wa kumeneko ndiye anamubisira mbandezo m'maluwa amene anampatsa potsazikana, koma nkhaniyi ikuoneka kuti inathiridwa mchere. Kwa zaka makumi angapo khofi anali wongodzala kuseri kwa nyumba, poti chuma cha dzikolo chinali pa shuga wa kumpoto chakum'mawa ndi golide wa ku Minas Gerais.

Mbewuyi inafika ku Rio de Janeiro cha m'ma 1760, ndipo mwayi wake unabwera ndi zochitika zakutali. Mu 1791 akapolo a ku Saint-Domingue, komwe lero ndi Haiti, anaukira Afalansa, minda ya khofi yomwe inkadyetsa misika ya ku Ulaya n'kuwonongeka. Mu 1808 banja lachifumu la Portugal, dziko lomwe linkalamulira Brazil, pothawa nkhondo ya Napoleon, linasamukira ku Rio ndi kutsegula madoko a Brazil kuti azichita malonda ndi maiko ena. Mapiri a Tijuca, ozungulira mzindawo, anagwetsedwa mitengo n'kudzalidwa khofi mpaka akasupe anayamba kuphwa. Madzi atavuta mumzinda, boma la mfumu Pedro II linayamba kudzalanso mitengo mu 1861, ndipo nkhalango imene alendo amaisirira lero pamwamba pa Rio, mbali yake yaikulu ndi yochita kubwezeretsa. Pamene Brazil inkalandira ufulu mu 1822, nthambi ya khofi inajambulidwa pa mbendera pamodzi ndi ya fodya. Nthambi ziwirizi zikadalipo pa chidindo cha boma.

Kumene khofi anakhazikika ndi m'chigwa cha mtsinje wa Paraíba, pakati pa Rio ndi São Paulo, m'matauni ngati Vassouras, Valença ndi Bananal. Kalimidwe kake kanali kadyeratu. Mwini munda ankagwetsa nkhalango, kuitentha, n'kudzala paphulusa. Mizere inkayenda chotsetsereka, kuchokera pamwamba pa phiri mpaka m'munsi, kuti kapitawo ataima patsinde aone kapolo aliyense mumzere wake. Kapitawo zinkamuyendera, koma mvula ikagwa mizere yomweyo inkasanduka ngalande zokokolola nthaka. Pakatha zaka makumi awiri kapena atatu munda unkaguga, mwiniwake n'kusunthira pa nkhalango ina. Khofi wothyoledwa ankayanikidwa pa bwalo lalikulu patsogolo pa nyumba ya bwana, akapolo akumutembenuza ndi zopalasira zamatabwa tsiku lonse, ndipo mitambo ikangochita bii onse ankathamanga kukamuunjika. Akauma ankamukonola, kumuthira m'matumba, n'kumusenzetsa nyulu zomwe zinkatsika mapiri masiku angapo kupita kudoko. Pofika m'ma 1830 khofi anali atapitirira shuga pa katundu wotumizidwa kunja, ndipo mfumu inkapatsa eni minda akuluakulu maudindo aulemu, mpaka anthu anawatcha mabaroni a khofi.

Chuma chonsechi chinakhala pamsana pa akapolo. Brazil inalandira anthu oposa 4 miliyoni ogwidwa ku Africa, kuposa dziko lina lililonse la ku America. Ambiri ankachokera ku Angola ndi ku Congo, koma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, pamene khofi ankafuna manja ambiri, zombo zinayamba kuzungulira mpaka ku Quelimane, ku Inhambane ndi ku chilumba cha Mozambique. Ogulidwa kumeneko ankachokera kumtunda, ndipo mwa iwo munali Amakua, Ayao ndi Amaravi. Ku Rio kawirikawiri ankangowatchula kuti a ku Mozambique. Ambiri anatsikira pa doko la Valongo, lomwe miyala yake inafukulidwa ndipo mu 2017 bungwe la UNESCO linaliika m'gulu la malo osungidwa a dziko lonse. Britain itakakamiza, Brazil inakhazikitsa lamulo loletsa malondawa mu 1831, koma linali la papepala chabe, zombo zinkabwerabe mozemba. Lamulo la Eusébio de Queirós la mu 1850 ndilo linatsekadi njira ya panyanja. Eni minda ya khofi anangotembenukira kumpoto chakum'mawa, n'kumagula akapolo m'minda ya nzimbe yomwe inali italowa pansi.

Chigwa cha Paraíba chitaguga, khofi analowera kumadzulo kwa São Paulo, ku Campinas kenako ku Ribeirão Preto, komwe kuli katondo wofiirira wachonde kwambiri. Vuto linali mayendedwe, chifukwa pakati pa minda ndi nyanja pali phiri lalitali la Serra do Mar. Mu 1867 kampani ya ku Britain inatsegula njanji yochokera ku Santos kukafika ku Jundiaí, ndipo pokwera phirilo mabogi ankachita kukokedwa ndi zingwe zachitsulo. Eni minda anasonkha ndalama zawo n'kumanga njanji zina, Paulista ndi Mogiana, zolowa mkati mwa dziko. Santos inasanduka doko lalikulu la khofi, ndipo São Paulo, yomwe mu 1872 inali ndi anthu pafupifupi 31,000, inali itafika pa 240,000 mu 1900.

Alimi a ku São Paulo anaoneratu kuti ukapolo ukupita kumapeto. Kuyambira mu 1847 Nicolau Vergueiro anayesa kulemba mabanja a ku Germany ndi Switzerland pa esiteti yake ya Ibicaba, koma ngongole za ulendo ndi za m'sitolo ya bwana zinawamanga mpaka anamugalukira. Pambuyo pake boma la chigawocho linayamba kulipirira lokha ulendo wa obwera, makamaka a ku Italy. Banja linkapatsidwa nyumba ndi mitengo ya khofi masauzande angapo yoti lizisamalira, n'kuloledwa kudzala chimanga ndi nyemba pakati pa mizere, mofananako ndi matenanti a m'maesiteti a fodya. Pa 13 May 1888 Isabel, mwana wamkazi wa mfumu, anasaina lamulo lothetsa ukapolo, Brazil n'kukhala dziko lomaliza kutero ku America konse. Omasulidwawo sanapatsidwe malo kapena chipukuta misozi, ndipo ntchito yabwino ya m'minda inapita kwa azungu obwera. Kusiyana kwa chuma pakati pa akuda ndi oyera kumene kukuonekabe ku Brazil kuli ndi muzu wake pamenepa. Eni akapolo nawo, pokwiya kuti sanalipidwe, anaitaya mfumu, ndipo mu November 1889 ufumu unagwa. Italy italetsa maulendo olipiriridwa mu 1902, anthu anafunidwa kwina. Pa 18 June 1908 sitima ya Kasato Maru inafika ku Santos ndi anthu 781 a ku Japan.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 Brazil inkakolola pafupifupi magawo atatu mwa anayi a khofi wa dziko lonse, ndipo mpando wa pulezidenti nthawi zambiri unkagwera andale a ku São Paulo kapena a ku Minas Gerais. Khofi atachuluka mtengo wake unagwa. Mu 1906 zigawo za São Paulo, Minas Gerais ndi Rio de Janeiro zinapangana ku Taubaté kuti boma lizikongola ndalama kunja, kugula khofi wotsala n'kumusunga. Mitengo inakweradi, koma zimenezi zinangolimbikitsa alimi kudzala wochuluka, komanso zinapatsa mpata maiko ena ngati Colombia. Msika wa New York utagwa mu 1929 zonse zinaphwasuka. Getúlio Vargas analanda boma mu 1930, ndipo pakati pa 1931 ndi 1944 boma lake linawononga matumba pafupifupi 78 miliyoni, ambiri pochita kutentha. Ndalama zinasowa mwakuti ochita masewero opita ku Olimpiki ya ku Los Angeles mu 1932 anakwera sitima yodzaza khofi, kuti azigulitsa m'njira apeze zolipirira ulendo. Pambuyo pa mavutowa ndalama za khofi zinalowa kwambiri m'mafakitale a ku São Paulo.

Minda inasunthiranso kumpoto kwa chigawo cha Paraná, kufupi ndi Londrina, mpaka chisanu choopsa cha pa 18 July 1975 chinapsereza mitengo usiku umodzi. Lero chigawo chotsogola ndi Minas Gerais, pamene Espírito Santo ndi Rondônia amalima kwambiri mtundu wa robusta. Soya, mafuta ndi miyala yachitsulo zimabweretsa ndalama zakunja zambiri kuposa khofi, komabe Brazil imakololabe pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a khofi wa dziko lonse, ndipo pa kamwedwe imaposedwa ndi United States yokha.

Kumwa kumeneku kuli ndi mwambo wake. Mlendo akalowa m'nyumba, mu ofesi, m'banki ngakhale m'galaja, amapatsidwa cafezinho, kakapu kakang'ono ka khofi wakuda, wamphamvu, kawirikawiri wothira kale shuga. Kumudzi amamusefa ndi kathumba kansalu komangirira pa waya, ndipo m'maofesi amakhala mu fulasiki pakona tsiku lonse. Pa msonkhano wa malonda kapu imabwera nkhani yeniyeni isanayambe. Anthu amagwirana chanza mmodzimmodzi, odziwana amakumbatirana ndi kusisitana pamsana, kenako amacheza za banja, za ulendo ndi za mpira. Wamkulu amatchulidwa ndi dzina lake loyamba, kutsogolo kwake kuli mawu aulemu ngati Senhor, Dona kapena Doutor. Nthawi yocheza imeneyi eni ake saiwerengera ngati yotayika, chifukwa ndi pamene amayeza ngati munthuyo ndi woti n'kupangana naye, ndipo mlendo wofulumira kutulutsa mapepala amaoneka wouma mtima. Amene samwa khofi sakakamizidwa, koma amayenera kuthokoza, kunena chifukwa chake, n'kulandira madzi m'malo mwake.