Ernest Cole ndi Mbiri ya Anthu Wamba

Mbiri ya kummwera kwa Africa m'nthawi ya atsamunda inalembedwa kwambiri ndi olamulira. M'mabuku a boma munthu wakuda ankangowerengedwa ngati wokhoma msonkho, wonyamula chitupa kapena wokumba miyala mumgodi. Zithunzi zambiri za nthawiyo zinkamuonetsa atavala zikopa ndi mikanda, ngati kuti moyo wake sunkasintha. Mmodzi mwa anthu amene anatsutsa bodza limeneli ndi kamera anali Ernest Cole wa ku South Africa.

Cole anabadwa m'chaka cha 1940 ku Eersterust, pafupi ndi mzinda wa Pretoria. Mu 1958 anayamba ntchito ku magazini ya Drum ku Johannesburg, moyang'aniridwa ndi Jürgen Schadeberg. Ataona ntchito ya wojambula wa ku France, Henri Cartier-Bresson, anatsimikiza mtima kukonza buku lake la zithunzi zoonetsa moyo wa anthu akuda pansi pa ulamuliro wa tsankho. Popeza malamulo a zitupa sankamulola kuyenda momasuka, anapusitsa akuluakulu a boma kuti amulembe m'gulu la makaladi, nasintha kalembedwe ka dzina lake kuchoka pa Kole kukhala Cole.

Iye sanathamangire zipolowe kapena misonkhano ya ndale. Anajambula anthu atapanikizana m'sitima popita kuntchito, ana asukulu akulemba atagwada pansi chifukwa chosowa madesiki, odwala atagona pansi m'chipatala, ndiponso amayi akulera ana a azungu, awoawo atawasiya kutali. Potero anaonetsa kuti nkhanza za tsankho zinali m'zinthu zimene munthu ankakumana nazo kuyambira mbandakucha mpaka usiku.

Kumigodi ankalowa atabisa kamera m'kathumba konyamulira chakudya. Chithunzi chake chodziwika kwambiri chikuonetsa amuna ali maliseche pamzere, manja ali m'mwamba, akupimidwa asanayambe ntchito. Chithunzichi ndi mbiri ya Malawi ndi Mozambique yomwe, pakuti m'zaka zimenezo amuna zikwizikwi a m'maikowa ankapita ku Joni kudzera ku Wenela. Akumudzi ankangoona njinga, mabulangete ndi wailesi zimene amunawo ankabwera nazo. Manyazi amene ankadutsamo kuti apeze katunduyo anasungidwa ndi kamera ya Cole.

Mu 1966 Cole anatuluka m'dziko lake, ndipo mu 1967 buku lake lotchedwa House of Bondage linasindikizidwa ku New York. Boma la South Africa linaliletsa. Mwini wake sanabwererenso kwawo: anamwalira ku New York mu February 1990, patangopita masiku ochepa Nelson Mandela atatuluka m'ndende. Kwa zaka zambiri anthu ankayesa kuti ntchito yake yambiri inatayika, kufikira mu 2017 pamene manegetivi ake pafupifupi 60,000 anapezeka m'banki ina ku Stockholm, m'dziko la Sweden.

Pamene bukuli linkasindikizidwanso mu 2022, anaonjezeramo mutu wotchedwa Black Ingenuity, umene Cole anaukonza koma sunalowe m'buku loyamba. M'mutuwu muli anthu akuda akuimba, akuvina ndi kuonetsa luso lawo. Apa m'pamene pakuonekera cholinga chake chonse. Wojambula mavuto okha amachepetsa anthu ake monga momwe ankachitira wojambula zikopa ndi mikanda, ndipo Cole ankafuna kuti mbadwo wamtsogolo udzaone munthu wathunthu, wozunzika koma wosagonja.