Mbewu ya thonje ku Chinguluwe idayenda bwanji?

Ambiri amati thonje lidabwera ndi azungu. Si zoona. David Livingstone atafika kuchigwa cha Shire mu 1859, adapeza Amang'anja akulima thonje la makolo komanso lochokera kunja, akupota ulusi ndi kuomba nsalu. Mwachibadwa thonje ndi chitsamba chokhala zaka zingapo, cha maluwa oyera mwachikasu omwe amafiira pofota. Njere zake anthu ankangopatsana pachibale.

M'nthawi ya atsamunda lidasanduka mbewu ya chaka chimodzi. Pofuna kuthana ndi mbozi, mlimi adalamulidwa kuzula ndi kutentha mitengo yake akangokolola, ndipo alangizi amakumbutsabe zimenezi lero. Njanji idafika ku Salima mu 1935, mabelo nkuyamba kukwera sitima.

Chinguluwe, dera la ku Salima, idatchuka itayamba ntchito ya chitukuko cha m'mbali mwa nyanja mu 1968, ndi thandizo la dziko la West Germany. Alimi adapatsidwa minda m'sikimu. Akatswiri ofufuza za ulimi a ku Makoka, ku Zomba, adatulutsa mitundu ya thonje monga Rasam 17, IRM 81 ndi Makoka 2000 poona kuti kutentha ndi mvula za kunyanja, za kuchigwa ndi za kumtunda n'zosiyana. Nzeru imeneyo inali yamtengo wapatali, koma sitidaisamale.

Taonani zomwe zidachitika m'nyengo ya 2011/12. Mitengo ya thonje itakwera padziko lonse, boma lidaika K1.6 biliyoni pa mbewu ndi mankhwala. Aliyense adathamangira thonje, ngakhale amene anali asanagwirepo mpope, ndipo dziko lidakolola pafupifupi matani 100,000. Posakhalitsa mitengo idagwa. Ena adagulitsa kwa mavenda mozemba, ngongole zosabweza zidachuluka, ndipo m'majinale njere za mitundu yosiyana zinkasakanikirana. Mmene ndikuonera, apa ndi pomwe tidataya njira: tidatanganidwa ndi kugawa mbewu ya chaka chimenecho, osalimbikitsa minda yochulukitsira mbewu yathu yeniyeni. Zokolola zidatsika m'zaka zotsatira.

Mu 2019 alimi adayamba kubzala thonje la haibulidi la Bt, lomwe limadziteteza ku mbozi zoboola zibalobalo. Limabereka ndithu, ndipo kupopera kumachepa. Koma mbewuyi imachokera kunja, ndi yodula, ndipo njere zake sizibwerezedwa m'munda. Mlimi wa ku Chinguluwe akasowa ndalama kapena ngongole mu Disembala, mnansi wake alibe chomupatsa, ndiye mundawo amabzalamo chimanga kapena mtedza.