Phokoso la New York ndi Anthu Osowa Kothawira

Kumapeto kwa chaka cha 1905, mayi wina wa mumzinda wa New York, Julia Barnett Rice, adalemba ganyu ophunzira a pa yunivesite ya Columbia kuti azichezera usiku m'mbali mwa mtsinje wa Hudson n'kumawerenga kuti mahuta a timaboti tokoka sitima zapamadzi alira kangati. Usiku umodzi wokha adapeza kuti alira pafupifupi ka 3,000. Kulira kwina kunali koyenera, kochenjeza za ngozi pamadzi, koma kwambiri kunali kwa oyendetsa maboti akupatsana moni kapena kuitana anzawo amene adatsalira kumowa kumtunda. Mayiyu adaphunzira udokotala, mwamuna wake Isaac Rice adali mpondamatiki, ndipo nyumba yawo yaikulu pa Riverside Drive idayang'ana kumtsinjeko. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo amene adayamba kusowa tulo ndi iye mwini. Koma sadalekere pa dandaulo la pakhomo pake. Adatolera maumboni kwa madokotala a zipatala za m'mbali mwa madzi, adagogoda m'maofesi a boma osatopa, mpaka mu 1907 Nyumba ya Malamulo ya dziko la America idavomereza lamulo la Bennet loletsa kuliza mahuta mwachisawawa m'madoko. Mzindawu wakhala ukulimbana ndi phokoso kwa zaka zoposa 100, ndipo mbiri ya kulimbanaku ikuonetsa kuti chimene chimadwalitsa mtima wa munthu si kukula kwa phokoso kokha. Chopweteka kwambiri ndi kudziwa kuti ulibe mphamvu yolitontholetsa, ndiponso sudziwa kuti libweranso liti.

Madandaulo adayamba kale Rice asanaonekere. M'zaka za m'ma 1870 makampani adamanga njanji zam'mwamba, zosanjikidwa pa nsanamira zachitsulo pamwamba pa misewu, moti sitima zinkadutsa pafupi ndi mawindo a zipinda zogona za anthu. Mu 1878 madokotala ambiri a mumzindamo adadandaula poyera kuti phokoso la njanji ya pa Sixth Avenue likusowetsa anthu tulo ndi kusokoneza mitu ya odwala ndi ana. Kampani ya njanjiyo idaitana Thomas Edison kuti afufuze kumene phokosolo likuchokera, koma njira yothandiza idachokera kwa mayi wina wokhala pafupi ndi njanji, Mary Walton, amene adaona kuti matabwa ndi zitsulo zogwiriziza njanji ndizo zimakulitsa mkokomo. Iye adakonza zoika njanji m'mabokosi oyalamo thonje ndi mchenga, ndipo mu 1881 boma lidamulembera umwini wa luso limeneli. Choncho podzafika 1881 zinthu ziwiri zidali zitadziwika kale: phokoso la njanji limavulaza anthu, ndipo likhoza kuchepetsedwa popanda kuimitsa sitima.

Mu Disembala 1906 Rice adayambitsa bungwe lothana ndi phokoso losafunika. Bungweli lidachititsa kuti misewu yozungulira zipatala ikhale malo a bata, ndipo lidatsegula nthambi ya ana asukulu, imene Mark Twain adavomera kukhala mtsogoleri wake waulemu, ana n'kumalonjeza kuti sadzasokosa pafupi ndi odwala. Otsutsa ali ndi mfundo yolemera imene sitiyenera kuilumpha. Iwo amati nkhondo yolimbana ndi phokoso idali ya anthu olemera ofuna kuti mzinda umveke monga m'chipinda chawo chochezera, ndipo mawu akuti phokoso losafunika ankatanthauza mawu a anthu osauka. Umboni wawo ulipo. Mu 1908 mkulu wa apolisi Theodore Bingham adalamula apolisi ake kuti athane ndi kufuula kwa ogulitsa malonda mumsewu, ogula zinthu zakale ndi ena otere, ambiri mwa iwo obwera kuchokera kumaiko ena, amene mawu awo ndiwo adali mpamba wawo. Mu 1936 meya Fiorello La Guardia adachotsa mumsewu oimba malimba opukusa ndi dzanja, ntchito imene ambiri oigwira adali amphawi ochokera ku Italy. Nthawi yonseyi sitima zinkagundabe pamwamba pa nyumba za amphawi omwewo. Ndikuvomereza kuti lamulo lidakondera. Koma kukonderako sikusonyeza kuti kuvutika ndi phokoso n'kudzikonda chabe kwa olemera. Kukusonyeza kuti boma lidatontholetsa amene kunali kosavuta kuwatontholetsa. Wogulitsa nsomba ukhoza kumupempha kuti atsitse mawu, ukhoza kukangana naye, ndipo dzuwa likalowa amapita kwawo. Sitima siimva pempho, ndipo phokoso losamva pempho ndilo lidasiyidwa pa anthu amene adalibe ndalama zosamukira kwina.

Mu 1929 mkulu wa zaumoyo mumzindawo, Shirley Wynne, adakhazikitsa komiti yochepetsa phokoso, ndipo panthawiyi adali ndi chida chatsopano. Akatswiri a telefoni a ku Bell Laboratories adali atangokhazikitsa muyeso wa decibel, dzina lochokera kwa Alexander Graham Bell. Galimoto yodzaza makina oyezera idazungulira mzinda wonse, kuima pa malo 138, ndipo mu 1930 mudatuluka lipoti lotchedwa City Noise. Anthu oposa 11,000 adayankha mafunso a komitiyo, ndipo zimene adadandaula nazo kwambiri zidali malole, mahuta a galimoto ndi mawailesi, osati ogulitsa malonda. Iyi idali ntchito yabwino, chifukwa idachotsa nkhaniyi m'manja mwa munthu wongoti ine zandinyansa n'kuipatsa nambala imene khoti lingaimve. Komabe nambalayo idabisa mbali ina ya vuto. Makina amayeza mphamvu ya mawu pakhutu, koma sadziwa ngati mawuwo ndi ako kapena a mnzako, ngati unawaitana kapena angokugwera. Munthu amavina usiku wonse pafupi ndi zokuzira mawu osadandaula, koma yemweyo mpopi wodontha pakati pa usiku umamupsetsa mtima. Pamndandanda wa madandaulo uja wailesi ya nyumba yoyandikana idali pamwamba osati chifukwa inkaposa sitima kulira, koma chifukwa chala chotsitsira mawu chidali cha munthu wina.

Mfundo yachiwiri ya otsutsa ndi imene imamveka paliponse: munthu amazolowera. Wobadwira pafupi ndi njanji amati saimvanso sitima, ndipo sanama. Amene adayesa mfundoyi mosamala ndi akatswiri awiri a zamaganizo, David Glass ndi Jerome Singer, m'buku lawo la mu 1972 lotchedwa Urban Stress. Iwo adajambula phokoso losakaniza anthu olankhula Chisipanishi ndi Chiameniya pamodzi ndi makina a muofesi monga taipi, n'kumaliulutsa mokweza kwambiri kwa anthu amene ankagwira ntchito zosavuta zapapepala. Zoonadi, patapita kanthawi matupi awo adaleka kudzidzimuka ndipo ntchito inkayenda. Chodabwitsa chidaoneka phokoso litazimitsidwa. Atapatsidwa zithunzi zoti atsate mizere yake ndi pensulo osaikweza, zina mwa izo zosatheka n'komwe, anthu amene adamva phokoso lobwera mosayembekezereka adataya mtima msanga kuposa amene adamva lobwera pa nthawi yodziwika, ndipo powerenga nkhani kuti apeze zolakwika adaphonya zambiri. Kenaka gulu lina lidapatsidwa batani n'kuuzidwa kuti likhoza kuzimitsa phokosolo litafuna, ngakhale ofufuzawo angakonde kuti lisatero. Ambiri sadalikhudze batanilo, adamva phokoso lofanana ndendende ndi la anzawo, koma pambuyo pake adalimbikira nthawi yaitali ndipo adalakwitsa zochepa. Makutu adalandira zofanana, chidasiyana n'chakuti ena ankadziwa kuti chitseko chilipo. Kuzolowera kumene timakunena, tsono, kuli ndi mtengo wake. Munthu amawononga mphamvu kukankhira phokoso kunja kwa maganizo ake, ndipo mphamvuyo imadzasowa pamene akufunika kupirira ntchito yovuta, kuleza mtima ndi mwana, kapena kumvetsera mnzake.

Wina angati zimenezi n'za m'chipinda choyesera, kumene phokoso limatha patapita mphindi zowerengeka. Mzinda womwewo udapereka yankho. Ku Washington Heights kuli nyumba zinayi za nsanjika 32, zotchedwa Bridge Apartments, zomangidwa pamwamba penipeni pa msewu waukulu wopita ku mlatho wa George Washington. Mu 1973 Sheldon Cohen, pamodzi ndi Glass ndi Singer, adayesa ana okhala m'nyumbazi ndipo adapeza kuti a m'nsanjika zam'munsi, kumene mkokomo wa galimoto ndi waukulu, ankavutika kusiyanitsa mawu omveka mofanana, ndipo pa kuwerenga ankatsalira poyerekeza ndi am'mwamba. Vutoli linkaonekera kwambiri mwa ana amene adakhalamo zaka zambiri. Mwana wophunzira kutseka makutu ku phokoso amatsekeranso kunja mawu a munthu, ndipo kuwerenga kumayambira pa kumva kusiyana kwa mawu. Ana amenewa adazolowera ndithu, ndipo kuzolowerako n'kumene kudawabweza m'mbuyo.

Umboni womveka kuposa wonse udachokera ku Inwood, kumpoto kwenikweni kwa Manhattan. Njanji zam'mwamba za m'katikati mwa mzinda, kumene malo ndi a ndalama zambiri, zidali zitagwetsedwa kale: ya Sixth Avenue isanayambe nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ya Third Avenue itasiya kuyenda mu 1955. Koma ku Inwood njanji idatsala, ndipo sukulu ya boma ya nambala 98 idaima mamita osakwana 70 kuchokera pamenepo. Arline Bronzaft ndi Dennis McCarthy adapeza kuti sitima inkadutsa pafupifupi mphindi zinayi ndi theka zilizonse, ndipo kwa masekondi pafupifupi 30 phokoso m'makalasi oyang'ana kunjanji linkafika pa ma decibel 89. Mphunzitsi ankangoima kudikira kuti idutse, moti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a nthawi yophunzira linkatayika. Zotsatira zimene adasindikiza mu 1975 zidaonetsa kuti ana a m'giredi 6 a mbali ya njanji adatsalira pa kuwerenga ndi miyezi pafupifupi 11 poyerekeza ndi anzawo a mbali yabata ya nyumba yomweyo. Nthawi yotayika ndi mbali imodzi chabe ya nkhaniyi. Taganizirani mphunzitsi wodulidwa pakamwa kambirimbiri pa tsiku, tsiku ndi tsiku, ndi mwana amene maganizo ake amati akangoyamba kugwira mfundo, mawindo ayamba kunjenjemera. Palibe mmodzi wa iwo adali ndi batani.

Mfundo yomaliza ya otsutsa ndi ya umphawi: malo aphokoso amakhalako osauka, ndiye mwina chimene chimabweza ana m'mbuyo ndi umphawiwo, phokoso langopezekapo. Mfundoyi ndi yoona pa kafukufuku wambiri, ndipo ndi chifukwa chake wa ku Inwood ali wofunika. Ana a mbali zonse ziwiri adali a dera limodzi, sukulu imodzi, mabanja ofanana, chosiyana chidali windo lokha. Ndipo ku Germany zinthu zidadziyesa zokha mu 1992, pamene bwalo la ndege lakale la Munich-Riem lidatsekedwa n'kutsegulidwa latsopano kwina. Staffan Hygge, Gary Evans ndi Monika Bullinger adatsata ana a madera onse awiri kusamukako kusanachitike ndiponso kutachitika. Ana a pafupi ndi bwalo lakale adayamba kuchita bwino pa kuwerenga ndi kukumbukira ndege zitachoka, pomwe a pafupi ndi latsopano adayamba kutsika. Chuma cha makolo awo sichidasinthe m'miyezi imeneyo. Chidasamuka ndi phokoso, ndipo vuto lidasamuka nalo.

Sindikunena kuti mzinda ungakhale chete ngati manda, ndipo a New York eni ake sadafunepo zimenezo. Msika wopanda mawu ndi msika wakufa. Chimene mbiriyi ikutsutsa ndi chizolowezi chowerenga phokoso lonse ngati limodzi, n'kumauza wodandaula kuti alimbe mtima chifukwa uku n'kutauni. Mu 1972, pansi pa meya John Lindsay, mzindawu udakhazikitsa malamulo a phokoso ogwiritsa ntchito miyeso, ndipo adakonzedwanso mu 2005 pansi pa Michael Bloomberg. Nambala ya foni ya 311 itatsegulidwa mu 2003 kuti anthu azidandaulirapo, phokoso lakhala lili m'gulu la madandaulo ochuluka koposa. Nambala yotere ili ndi phindu lake ngakhale isanathetse kanthu, pakuti imapatsa munthu poti n'kugogoda, koma phindulo limatha ngati wogogodayo aona kuti palibe amabwera.

Ku Inwood adabwera. Bronzaft sadasiye zotsatira zake m'magazini a akatswiri. Pamodzi ndi makolo adakakamiza akuluakulu a njanji ndi a maphunziro, ndipo a njanji adaika timapilo ta labala pansi pa njanji pafupi ndi sukuluyo, a maphunziro n'kuika siling'i yomeza mawu m'makalasi aphokoso kwambiri. Phokoso lidatsika ndi ma decibel 6 mpaka 8 okha, ndipo sitima sizidachepe. Bronzaft atabwerera kukayesanso, adapeza kuti ana a mbali ya njanji akuwerenga mofanana ndi a mbali inayo. Zotsatirazi zidasindikizidwa mu 1981, patatha zaka 100 chilembereni boma umwini wa mabokosi a thonje ndi mchenga a Mary Walton.