Chitsamba cha ku China chimene chili mu LA

Mvula ikangokhazikika ku Nkhotakota, madambo a mpunga amasefukira ndipo kuyambira ku Chia mpaka ku Dwangwa udzudzu umaswana mosaneneka. Mwana akabayidwa chala n'kupezeka ndi malungo, mayi amalandira kapaketi ka mapiritsi achikasu, oti azimwa m'mawa ndi madzulo kwa masiku atatu. Tonse timangoti LA. Mphamvu yake inachokera ku chitsamba chimene asing'anga a ku China ankachidziwa zaka mazanamazana Jumbe asanafike n'komwe ku Linga.

Asing'anga a ku China ankalemba zimene akudziwa. Buku lotchedwa Huangdi Neijing, la zaka zoposa 2,000, limaphunzitsa kuti munthu amakhala wathanzi mphamvu ziwiri, yin ndi yang, zikamagwirizana, ndipo amadwala ina ikapitirira inzake. Sing'anga ankagwira pamkono wa wodwala kuti amve mmene magazi akugundira, n'kumuyang'ana lilime, kenako ankasakaniza mizu, makungwa ndi masamba, kapena kumubaya timasingano topyapyala. Mu 1578 Li Shizhen anamaliza buku lofotokoza mankhwala 1,892. Si zonse za m'mabukuwa zinali zothandiza, ndipo mankhwala ena anali ndi mercury, yemwe ndi poizoni. Komabe chimene agogo anayesa, mdzukulu ankachipeza papepala n'kuchiyesanso.

Cha m'ma 340, Ge Hong analemba kabuku ka mankhwala a matenda adzidzidzi. Pa malungo obwerezabwereza anatchula chitsamba cha qinghao, chimene asayansi amati Artemisia annua. Iye analangiza kuchinyika m'madzi n'kuchifinya, osati kuchiphika monga ankachitira ndi zitsamba zambiri.

Panapita zaka zoposa 1,600. Pa nkhondo ya ku Vietnam malungo ankagwetsa asilikali, chloroquine atayamba kulephera. Pofuna kuthana ndi vutoli, pa 23 Meyi 1967 boma la China linayambitsa ntchito yachinsinsi yofufuza mankhwala atsopano, ndipo mu 1969 mayi Tu Youyou anapatsidwa gulu loti alitsogolere. Anasonkhanitsa njira zochiritsira zoposa 2,000 kuchokera m'mabuku akale ndi kwa asing'anga. Qinghao ankagwira ntchito lero, mawa ayi. Atawerenganso Ge Hong, mayiyo anazindikira kuti moto ndi umene unkaononga mphamvu ya chitsambacho. Anasintha njira, n'kumachotsa mankhwalawo popanda kutenthetsa kwambiri, ndipo mu Okutobala 1971 tizilombo ta malungo tinatheratu mu mbewa zoyeserera. Mu 1972 iye ndi anzake anayamba kumwa okha asanapatse odwala. Mphoto ya Nobel anailandira mu 2015.

Zimandikhudza ndikaganiza za asing'anga athu a m'mbali mwa nyanja, amene amadziwa muzu uliwonse wa m'nkhalango koma ambiri amapita nazo kumanda nzeruzo chifukwa palibe amene anakhala nawo pansi n'kulemba.

Kuno kwathu malungo atisinthitsa mankhwala kangapo. Mu 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba Fansidar. Nayenso Fansidar atafooka, mu 2007 tinalandira LA, yemwe ndi artemether wochokera ku qinghao wophatikizidwa ndi lumefantrine, amenenso anapangidwa ndi asayansi a ku China. Chaka chomwecho ntchito yopopera mankhwala a udzudzu m'nyumba inayambira ku Nkhotakota.

Artemether amapha tizilombo mwachangu, motero pofika tsiku lachiwiri thupi limazizira ndipo msodzi amafuna kubwerera pabwato. Ena amasiyira pomwepo n'kusungira mwana mapiritsi otsalawo, pamene tizilombo totsala m'magazi tisanafe tonse. Ku Rwanda, Uganda, Tanzania ndi Eritrea kwapezeka kale tizilombo tochedwa kufa ndi mankhwala ochokera ku qinghao.