Mbiri ya Marsaxlokk, Tauni ya Asodzi ku Malta

Kumene tauniyi ili

Marsaxlokk ndi tauni yaing'ono ya asodzi pa chilumba cha Malta, m'nyanja ya Mediterranean. Ili chakummwera cha kummawa kwa chilumbachi ndipo mumakhala anthu pafupifupi 4,000. Pamalowa nyanja inalowa kumtunda, choncho zombo zimakocheza bwino. Doko limeneli ndi limene lakhala likukoka anthu kuyambira makedzana. Ena ankabwera kudzapembedza, ena kudzagulitsa malonda, ena kudzachita nkhondo.

Kachisi wa pa Tas-Silġ

Pafupi ndi tauniyi pali kaphiri kotchedwa Tas-Silġ. Zaka pafupifupi 5,000 zapitazo, anthu a pachilumbachi anamangapo kachisi wa miyala ikuluikulu.

Patapita zaka zambiri kunabwera Afoinike, amalonda a panyanja ochokera kudera limene lero ndi Lebanon. Iwo sanagumule kachisi uja. Anamukuza n'kumapembedzeramo mulungu wawo wamkazi, Astarte. Aroma analanda Malta m'chaka cha 218 Yesu asanabadwe, ndipo pamalo omwewo anayamba kupembedzapo mulungu wawo wamkazi, Juno. Chikhristu chitafala, anthu anamangapo tchalitchi ndi malo obatizira.

Akatswiri ofukula zakale ochokera ku Italy anakumba paphiripa kuyambira 1963 mpaka 1970. Anapeza maziko a nyumba zopembedzeramo zitasanjikizana, ina pamwamba pa inzake. Anapezanso mapale ambiri a mbale ndi miphika. Pa mapale ena panali zilembo za Afoinike zosonyeza kuti ziwiyazo zinaperekedwa kwa Astarte.

Nkhondo ndi malinga

Doko labwino limakokanso adani. Mu Meyi 1565, zombo za Aturuki zinakocheza ku Marsaxlokk ndi asilikali ochuluka. Pa nthawiyo Malta inkalamulidwa ndi gulu la asilikali achikatolika la Yohane Woyera. Nkhondo inapitirira mpaka mu Sepitembala, pamene Aturuki analephera n'kubwerera kwawo.

Pofuna kutseka njira ya adani, mtsogoleri wa gululo, Alof de Wignacourt, anamanga linga la San Lucian mu 1610. Aturuki atabweranso mu 1614, mizinga ya pa lingali inawaletsa kutsika padokoli, moti anakatsikira kwina. Mu 1798 asilikali a Napoleon wa ku France anatsikira pa gombe lomweli polanda Malta. Pambuyo pake Angerezi anamanga linga lina pa Delimara, pakhomo pa dokoli. Pomwepo palinso nsanja ya nyali yolondolera zombo usiku.

Tchalitchi cha pagombe

Kale asodzi ambiri ankakhala kumtunda, ku Żejtun, n'kumatsikira kunyanja kukagwira ntchito. Ankaopa kumanga nyumba pagombe chifukwa cha achifwamba a panyanja. Mtendere utakhazikika, mabanja anasamukira kugombe. Mu 1890 anayamba kumanga tchalitchi cha Maria wa ku Pompei, ndipo mu 1897 Marsaxlokk inakhala parishi payokha. Tchalitchichi chinayang'ana kudoko.

Maboti ndi nsomba

Boti lodziwika la asodzi a kuno limatchedwa luzzu. Amalipaka utoto wa buluu, wofiira, wachikasu ndi wobiriwira. Kutsogolo kwake amajambulako maso awiri, lina mbali ino lina mbali inayo. Mwambo umati masowo amateteza asodzi ku zoopsa za panyanja.

Nsomba imene anthu a ku Malta amaikonda kwambiri ndi lampuki. Imagwidwa kuyambira Ogasiti mpaka Disembala. Asodzi amamanga masamba a kanjedza n'kuwayandamitsa pamadzi. Nsombazo zimasonkhana pamthunzi wa masambawo, ndipo asodzi amazizinga ndi ukonde. Lamulungu lililonse pagombe pamakhala msika waukulu wa nsomba, umene umadzaza ndi eni dziko komanso alendo.

Msonkhano wa 1989

Pa 2 ndi 3 Disembala 1989, mtsogoleri wa America, George Bush, ndi mtsogoleri wa Soviet Union, Mikhail Gorbachev, anakumana m'doko la Marsaxlokk. Panyanja panali namondwe, choncho anakambirana m'chombo chachikulu chotchedwa Maxim Gorky. Msonkhanowu unathandiza kuthetsa udani umene unalipo pakati pa mayiko awiriwa kwa zaka zoposa 40.