Kuchokera ku Mtsiro Kufika ku Matailosi

Dzuwa la Okutobala likamaswa mtengo, m'midzi yambiri ya ku Dedza, Ntcheu ndi Mchinji mumaonekabe ntchito imene inalipo mzungu asanaponde dziko lino. Mayi amalawirira kudambo ndi khasu ndi dengu kukakumba mtsiro, dothi lomata limene silipezeka paliponse. Akafika nalo pakhomo amalinyika m'madzi, amatulutsira katundu yense pabwalo, n'kukagwada kumapeto kwa chipinda. Dzanja limayenda mozungulira, mzere pamwamba pa mzere, iye akubwerera cham'mbuyo kulowera kukhomo kuti asaponde pamene wadutsa kale. Pakayamba kuuma amatenga nkhulungo, mwala wosalala wa kumtsinje, n'kukhula nawo pansipo mpaka patayamba kung'anima. Ana amachita kuuzidwiratu kuti tsiku limenelo asayerekeze kulowa.

Kumeneko ndiko kuzira. Masiku ano nkhani yokonzanso ndi kukongoletsa nyumba imamveka ngati yachilendo, yobwera ndi wailesi ya kanema ndi zithunzi za pa Facebook. Komatu nyumba ya makolo inkakhala ndi moyo chifukwa chokonzedwa mosalekeza. Ikangolekereredwa dzinja limodzi kapena awiri, chiswe ndi mvula zinkaitenga.

Nyumbayo inali yozungulira. Abambo ankadula nsichi kuthengo, n'kuzizika mozungulira, kuzimanga ndi luzi, kenako n'kukweza phaso. Amayi ankamweta udzu, kutunga madzi, kumata khoma ndi kuzira. Kufolera kunali kwa abambo, ndipo kawirikawiri ankaitanizana, mwininyumba ataphikitsa thobwa kapena mowa. Ndalama sinkalowererapo. Kwa Achewa, mnyamata wopita kuchikamwini ankayesedwa ndi nyumba yomwe wamanga kwawo kwa mkazi: denga likadontha mvula yoyamba, mudzi wonse unkadziwa kuti wabwera ndi munthu wotani. Mkazinso ankadziwika ndi pansi pa nyumba yake ndi khonde lake. Pakhomo posazira panali pamanyazi, makamaka kukamabwera alendo, ukwati kapena chinamwali.

M'katimo munali zochepa, koma chilichonse chili ndi malo ake. Pakati panali mafuwa atatu. Utsi unkakwera n'kulowerera mu udzu, kusiya mwaye wakuda umene unkathamangitsa tizilombo, n'chifukwa chake chimanga cha mbewu ankachipachika pamwamba pa moto kuti anankafumbwe asachiboole. Mphasa ya bango inkayalidwa usiku n'kupindidwa m'mawa, ndipo malo ogona ankasanduka malo okhala. Mtsuko wa madzi unkakhala pamalo pozizira. Chitseko chinkatsekedwa ndi mpiringidzo. Anyamata akasinkhuka ankachoka kukagona kumphala, atsikana kugowelo kapena kwa agogo, motero zipinda zimene lero zimaunjikana pansi pa denga limodzi zinali zomwazikana pabwalo lonse.

Kukongoletsa kunali m'manja mwa amayi, ndipo utoto wawo unkachokera pansi pomwe ankapondapo: katondo wofiira, dothi loyera la m'mphepete mwa mtsinje, makala osinja, phulusa. M'munsi mwa khoma ankapakamo lamba wakuda kuti matope odontha kuchokera kudenga asaonekere, pamwamba n'kujambula mizere, timadontho, maluwa, nthawi zina nkhuku kapena nsomba. Mvula inkafufuta zonsezo, chilimwe n'kujambulanso zina. Luso limeneli silinalembedwe m'mabuku ambiri, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti amene amalemba mbiri ya zomangamanga m'dziko lino amakonda kuyambira pa njerwa ya mmishonale ngati kuti kale kunalibe wodziwa kukongola.

Ngakhale nyumba ya ngodya zinayi sinayambe ndi azungu. Amalonda achiswahili ndi mafumu achiyao amene ankachita nawo malonda a minyanga ndi akapolo ndiwo anayamba kuionetsa. A Jumbe atakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, anamanga monga ankamangira kugombe la nyanja ya mchere. David Livingstone atafika ku Mwembe kwa mfumu Mataka mu 1866, m'dera lomwe lero lili ku Mozambique, anapeza anthu akumanga nyumba zamakona potengera Aluya. Ngodya inasintha zambiri, chifukwa nyumba yamakona imagawika mosavuta. Khoma limodzi pakati, basi pabalaza ndi kuchipinda zalekana.

Njerwa yokha ndiyo inafala ndi mamishoni ndi makampani. Mishoni ya Blantyre inakhazikitsidwa mu 1876. Mu 1882 kampani ya African Lakes, yomwe inkatsogozedwa ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir, inamanga Mandala House, nyumba yosanja yokhala ndi khonde lalikulu, imene ilipobe mpaka lero mumzinda wa Blantyre. Dzinalo linachokera pa mandala amene John Moir ankavala. Kenako, pakati pa 1888 ndi 1891, mbusa David Clement Scott, amene sanaphunzirepo za mapulani a nyumba, anatsogolera amisiri a konkuno kumanga tchalitchi cha St Michael and All Angels. Njerwa zake zinaumbidwa ndi kuotchedwa pomwepo, zamaonekedwe osiyanasiyana, zina zokhota, zina zosongoka, malinga ndi pamene zikukakhala. Munthu akaima pafupi ndi khoma lake lero amaona kuti manja amene anayala njerwazo anali a anthu amene makolo awo ankadziwa dothi kalekale. Chatsopano kwa iwo chinali chikombole ndi uvuni.

Amisiri ophunzira ku Blantyre, ndiponso ku Khondowe kumene Robert Laws anatsegula sukulu ya ntchito zamanja mu 1894, anabwerera kwawo ndi chikombolecho, sowo ndi pulena. Aphunzitsi ndi akalaliki anayamba kukhala m'nyumba za mawindo, za tebulo ndi mipando. John Chilembwe anaiona nyumba yabwino ngati chizindikiro cha ulemu wa munthu wakuda. Ku Mbombwe ku Chiradzulu anamanga tchalitchi chachikulu cha njerwa, pamene mkazi wake Ida ankaphunzitsa amayi kusoka. Nkhondo ya Chilembwe ya 1915 itatha, boma la atsamunda linagumula tchalitchicho.

Koma munthu wamba kumudzi njerwa ndi malata sanazipeze kumishoni. Anazipeza ku Joni ndi ku Halale. Msonkho wa nyumba, umene boma la Harry Johnston linayambitsa m'zaka za m'ma 1890, unakankhira amuna kukafuna ndalama kutali, ndipo kwa zaka zambiri kampani yolemba anthu ntchito ya Wenela inkatenga anyamata kupita nawo kumigodi ya ku South Africa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi ogwira ntchito kumigodiko anapitirira 100,000. Wobwerako ankatsika basi ndi thiranki yachitsulo, m'katimo muli mabulangete, mbale zadothi, galasi loonera nkhope, wotchi ya pakhoma, wailesi kapena galamafoni. Ena ankabwera ndi njinga ndi makina osokera. Ndalama ya malipiro imene ankamusungira ikalandiridwa, choyamba chinali kuumbitsa njerwa ndi kugula malata. Mudzi unkadziwikira patali kuti uli ndi ana ku Joni chifukwa cha madenga ong'anima padzuwa. Mu 1974 ndege yonyamula anthu a Wenela inagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Dr Kamuzu Banda analetsa ulendowo. Unadzayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la Theba, koma pa anthu ochepa, mpaka unatheratu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980.

Malata anathetsa ntchito yofolera chaka ndi chaka, ndipo aliyense amene anagonapo m'nyumba yodontha, akusunthasuntha mphasa usiku wonse, sangawanyoze. Anabweretsanso mavuto awo. Masana a Okutobala nyumba ya malata yopanda siling'i imasanduka uvuni, mu Juni imazizira mpaka m'mafupa, ndipo mvula ikamagwa anthu samvana. Moto unatuluka m'nyumba kupita kukhitchini ya panja, poti utsi umadyetsa malata dzimbiri ndi kudetsa khoma lopaka laimu.

Kamuzu sankatopa kunena pamisonkhano kuti anthu ake akhale ndi zinthu zitatu: chakudya chokwanira, zovala zabwino ndi nyumba yosadontha. Mu 1964, chaka chomwe dziko linalandira ufulu, kunakhazikitsidwa Malawi Housing Corporation, imene inamanga nyumba zofanana mizeremizere ku Kanjedza, Nkolokosa ndi Chitawira mu Blantyre, ndiponso ku Area 18 ku Lilongwe, komwe likulu linasamukira mu 1975. Amene sakanatha kupeza nyumba zoterozo ankapatsidwa mapuloti m'madera oti aliyense adzimangire yekha monga angathere, ena n'kungodzimangira m'mphepete mwa mapiri a Ndirande ndi Soche. Simenti inkachokera kufakitale ya ku Blantyre, miyala yake ikukumbidwa ku Changalume ku Zomba.

M'nyumba zimenezi ndimo munabadwira pabalaza pamene ambiri anakulira. Pansi panali simenti yosakaniza ndi utoto wofiira. Loweruka m'mawa mwana wamkazi ankakolopa, n'kutsegula kachitini ka polishi wa Cobra kapena Sunbeam, kupaka ndi kansanza atagwada, kudikira kuti aume, kenako kukhula ndi bulashi ndi chiguduli mpaka nkhope itaoneka pansi. Ankayambira kumapeto kwa chipinda, akubwerera cham'mbuyo kulowera kukhomo, ndendende monga ankachitira agogo ake ndi mtsiro. Dothi linasanduka simenti, nkhulungo inasanduka bulashi, koma mawondo ndi dzanja zinali zomwezo, ndipo ana ankaletsedwabe kulowa.

Pakhoma lalikulu pankaima kabati ya magalasi, yodzaza mbale ndi makapu zimene ankadyera alendo okha. Pamipando ndi pamwamba pa wailesi pankayalidwa tinsalu toluka ndi singano ya ndowe, luso limene amayi ankaphunzitsana m'magulu a kumpingo ndi kwa alangizi a zapakhomo. Khoma linkanyamula kalendala, chithunzi cha ukwati, satifiketi ya mwana yoikidwa m'felemu, ndi mawu a Mulungu opeta pansalu. Pakhomo la kuchipinda pankalendewera katani ya chitenje. Khrisimasi ikamayandikira, bambo ankagula thumba la laimu n'kuyeretsa nyumba yonse, m'munsi n'kusiyamo lamba wakuda uja, tsopano wa penti.

Lero zokhumba zasintha. Womanga nyumba ku Area 49 kapena ku Chileka amafuna matailosi pansi, siling'i ya jipisamu yokhala ndi timagetsi tobisika, mawindo a aluminiyamu, malata amtundu, khitchini yolumikizana ndi pabalaza. Zambiri mwa izi zimachokera kunja, ku China, Tanzania, Zambia ndi South Africa, motero mtengo wake umakwera kwacha ikagwa. Njerwa yootcha nayo yafika pamphambano. Mauvuni adya mitengo yosawerengeka kuzungulira mizinda, ndipo mu 2018 boma linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pomanga nyumba za boma ndi zamalonda, n'kulimbikitsa mabuloko a simenti ndi njerwa za dothi losakaniza simenti pang'ono zotsindira pamakina. Njerwa zotsindirazo n'zachibale ndi nyumba ya mdindo, ya dothi lotsindira m'matabwa, imene anthu akhala akumanga m'chigawo chapakati kwa zaka zambiri.

Chachikulu chimene chasintha ndi mwini ntchito. Kale mayi ankakonzanso nyumba yake ndi dengu limodzi la dothi, tsiku limene wafuna. Tsopano tailosi ikasweka amadikira mmisiri, ndipo mmisiri amadikira ndalama. Wokhala nyumba ya lendi sangakhome ngakhale msomali popanda kupempha eninyumba. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 4 zokha mwa 10 zilizonse m'Malawi ndizo zinali zolimba khoma ndi denga lomwe, ndipo zoposa gawo limodzi mwa magawo atatu zinali zikadali za dothi ndi udzu. Amayi ozira ndi ambiri kuposa ogula matailosi, ngakhale kuti zithunzi za m'mafoni sizionetsa choncho. Nthawi yomweyo malo ogona alendo a kunyanja ku Mangochi ndi Nkhata Bay amalemba amisiri ofolera udzu pofuna mthunzi wozizira, ndipo mipando yoluka ndi manja imene imagulitsidwa m'mphepete mwa misewu ya Blantyre ikutumizidwa kumasitolo a ku Ulaya ndi ku South Africa.

M'madera ngati Area 25, Bangwe kapena Chibavi ku Mzuzu, nyumba simangidwa tsiku limodzi. Banja limalowa khoma lisanapakidwe pulasitala, mawindo ena atatsekedwa ndi njerwa zongosanja, n'kumamaliza pang'onopang'ono, malipiro akabwera kapena fodya akagulidwa. Pakhomo limodzi lotere munthu amatha kuponda mibadwo itatu. Pabalaza, pamene pamafikira alendo, pali matailosi oyera amene anaikidwa chaka chatha. Kuchipinda kukadali simenti yofiira yong'ambika pakona, ndipo makatoni awiri a matailosi ake akudikira pansi pa bedi. Kuseri, m'kakhitchini ka zidina momwe mafuwa atatu akuphikabe nyemba magetsi akazima, pansi ndi pa dothi, ndipo agogo akabwera kuchokera kumudzi amafunsa komwe kuli dambo lapafupi kuti akakumbe mtsiro.